Jelo wodzipinda yekha wafika pati m'zipatala, nanga wa insulini akuchedweranji?

Funso: Ndine wophunzira unamwino, ndipo bambo anga amadzibaya insulini kawiri pa tsiku. Mnzanga ananditumizira kanema wa kanthu kopyapyala kamene akakaviika m'madzi kamadzipinda kokha n'kusanduka duwa. Wofotokozayo ankati zinthu zimenezi, zotchedwa ma hydrogel, zimamva kutentha, asidi ngakhalenso shuga wa m'magazi, ndipo posachedwa odwala shuga asiya jakisoni. Kodi n'zoona? Zimatheka bwanji, nanga zilipo kale m'zipatala?

Yankho: Achemwali, kanema munaonayo si wachinyengo. Zinthu zodzipinda zokhazo zilipodi, ndipo zina za mtundu womwewo mwina munazigwirapo kale ku wodi osadziwa. Chimene chakokomezedwa ndi mawu akuti posachedwa. Akatswiri anayamba kufunafuna njira yoti insulini azituluka yekha shuga akakwera cha m'ma 1979, koma mpaka lero palibe famase, kaya ku Lilongwe kaya ku London, imene ingakugulitseni jelo wotero. Choncho abambo apitirize jakisoni monga anawauzira adokotala. Wina akadzakutsatsani kachigamba komata pakhungu n'kumati ndi kameneka, mudzadziwe kuti akufuna ndalama zanu basi.

Kuti mumvetse chimene chimachitika, yesani izi kunyumba. Tengani thewera latsopano la ana, logula m'sitolo lija, muling'ambe pakati. M'kati mwa thonje mupeza timibulu toyera tokhakhala. Tikutumulireni m'tambula mpaka tikwane theka la sipuni yaing'ono, thirani madzi osadzaza, mudikire mphindi zitatu. Madzi aja agwirana, moti ngakhale mutapendeketsa tambula sakhutuka msanga. Kenako wazani mchere wa pakhitchini pamwamba n'kutakasa. Posakhalitsa muona zonse zikufwamphuka, madzi akuyambanso kuyenda. Mukatha mutaye kumene ana sangafikeko, chifukwa timibulu totere mwana akatimeza timakafufuma m'matumbo n'kutseka njira.

Timibuluto ndi sodium polyacrylate, ulusi wautali wosaoneka ndi maso umene timautcha polima, wolumikizidwa apa ndi apo kuti ukhale ukonde. Ulusiwo uli ndi timagulu tokoka madzi, ndipo madzi amalowa mwa osmosis yomwe ija munaphunzira m'kalasi, yoti madzi amakokeredwa kumene kuli mchere wambiri. Ukonde ukamatanuka umakananso, umakokera m'kati. Kukula kwa jelo ameneyu, yemwe ndiye hydrogel uja, kumaimira pamene mphamvu ziwirizi zalingana. Mchere munawaza uja unachepetsa kusiyana kwa m'kati ndi kunja, mphamvu yokoka madzi inafooka, ukonde unapambana n'kufinya madzi. N'chifukwa chake timibulu tomwe timamwa madzi oyera olemera kangapo mahandiredi kuposa ito eni timangomwa mkodzo wolemera ka 30 kapena kuposerapo pang'ono. Nzeru zonse za majelo amenewa zagona pamenepa. Jelo saganiza, sayeza kanthu, alibe ubongo. Madzi amangolowa kapena kutuluka, ndipo ntchito ya katswiri ndi kusankha chinthu chimene chizisuntha mulingo umenewo.

Mbiri yake pa zachipatala inayambira ku Prague. Mu 1960 Otto Wichterle ndi Drahoslav Lím anafotokoza za jelo wotchedwa pHEMA, wofewa komanso wosapweteka minofu, ndipo pa Khirisimasi ya 1961 Wichterle anaumba magalasi ofewa omata m'maso pa makina amene anamanga kunyumba kwake ndi zidole za ana zolumikiza ndi dayinamo ya njinga. Magalasiwo analoledwa ku America mu 1971. Koma jelo ameneyu amangokhala mmene alili. Amene anaonetsa kuti jelo angathe kusintha modzidzimutsa ndi Toyoichi Tanaka wa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1978. Iye ankaviika jelo m'madzi osakaniza ndi acetone, akuwonjezera pang'onopang'ono. Jeloyo ankakhala chikhalire mpaka mulingo wina, kenako ukangopyola pang'ono pokha n'kukwinyika kwambiri. M'zaka zotsatira anapeza majelo osintha kukula mpaka ka 1,000.

Pa kutentha, polima wodziwika kwambiri ndi PNIPAM. Akakhala pansi pa madigiri 32 amakondana ndi madzi, amafufuma, amaoneka mbee ngati galasi. Akangopyola 32 ulusi wake umasiya madzi n'kukumbatirana wokhawokha, jelo amachita mbuu ngati mkaka n'kukwinyika. Anthu anamukonda chifukwa 32 ali pakati pa kutentha kwa m'chipinda ndi 37 wa m'thupi, ndiponso malirewo amasunthika: mukasakaniza zokonda madzi amakwera, mukasakaniza zodana ndi madzi amatsika. Pa asidi nkhani ndi yomweyo. Jelo wa acrylic acid amakhala wokwinyika m'chifu, momwe pH, mulingo wa asidi umene umatsika asidi akachuluka, imakhala pakati pa 1 ndi 3, ndipo amafufuma akafika m'matumbo momwe ili cha pa 6 kapena 7.

Kufufuma pakokha sikupanga duwa. Chinthu chikafufuma mofanana paliponse chimangokula, maonekedwe osasintha. Kupindika kumabwera mbali imodzi ikamafufuma kuposa inzake. Mwaonapo makoko a nyemba atayanikidwa padzuwa, mmene amaphulikira thee, chikhoko chilichonse n'kupotana? Chikhokocho chili ndi magawo awiri amene ulusi wake unayalidwa mopingasana, ndiye akamauma lililonse limakwinyikira kwake, ndipo poti ndi omatana amakakamizika kupotana. Akatswiri amachita zomwezo mwadala. Njira yophweka ndi kumata jelo wofufuma kwambiri pa wina wofufuma pang'ono, kuti kapepalako kapindikire ku mbali yosafufuma. Njira yapamwamba inaonetsedwa ndi gulu la Jennifer Lewis ndi L. Mahadevan ku Harvard mu 2016. Anasakaniza mu jelo tiulusi tochokera ku mtengo, ndipo posindikiza ndi makina tiulusito tinkayalana motsatira kumene kamlomo ka makina kakulowera. Jelo ankafufuma kwambiri chopingasa tiulusito kuposa chotsatira, choncho pongosankha njira yodutsa kamlomoko ankadziwiratu kuti chinthucho chikalowa m'madzi chipindika motani. Anapanga maluwa ofanana ndi orchid. N'kutheka kuti kanema wanuyo ndi wa ntchito imeneyi kapena yotengera pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene makanema otere sakonda kunena, ndipo kwa ine ndiye mutu wa nkhani yonse. Ambiri amawathamangitsa. Madzi amayenda pang'onopang'ono kwambiri m'kati mwa ukonde, ndipo Tanaka ndi mnzake Fillmore anaonetsa mu 1979 kuti nthawi yofufumira simangokula molingana ndi kunenepa kwa jelo. Mukawirikiza kunenepa kawiri, nthawi imawirikiza kanayi. Mukawirikiza ka 10, nthawi imawirikiza ka 100. Ndiye kambulu kamene kuchokera pakati kufika kunja kali milimita imodzi kamafuna pafupifupi ola, ka sentimita imodzi kamafuna masiku angapo, pamene kochepa kwambiri kosaoneka ndi maso kamatha pasanathe sekondi. Pokwinyika pali vuto linanso: kunja kumayamba kukwinyika, n'kupanga chikhungu chotsekera madzi am'kati. Pali njira zofulumizitsa, monga kusiya timabowo tambiri mu jelo, koma jelo wamabowo ndi wosalimba, amang'ambika.

Mukalimvetsa lamuloli muona kuti zonse zimene zafika kwa odwala n'zofanana pa chinthu chimodzi. Zimasintha kamodzi kokha, kulowera mbali imodzi, ndipo kuchedwa sikuziwonongera ntchito.

Chapafupi kwambiri ndi Gaviscon wa chilungulira. Muli alginate wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere, pamodzi ndi sodium bicarbonate ndi calcium carbonate. Akakumana ndi asidi wa m'chifu alginate amagwirana, bicarbonate amatulutsa mpweya umene umakodwa mu jeloyo, ndipo zonse zimayandama pamwamba pa chakudya n'kutchinga asidi kuti asakwere kukhosi. N'chifukwa chake amati mumwe mukatha kudya komanso pokagona. Mankhwala ena a m'maso a glaucoma (nthenda imene madzi amapanikiza m'kati mwa diso), Timoptic-XE, amene analoledwa ku America mu 1993, ali ndi gellan, yemwe m'botolo ndi madzi koma akakumana ndi mchere wa m'misozi amagwirana, motero mankhwala sakokoloka msanga ndipo dontho la kamodzi pa tsiku limakwanira.

Cha ku matenite kuli Dilapan-S, wopangidwa ku Czech Republic. Ndi kandodo kouma gwa, konenepa mamilimita 3 kapena 4, kokhala ndi kachingwe kumapeto. Amatilowetsa tingapo pa khomo la chiberekero, timamwa madzi a m'minofu yozungulira, ndipo pa maola 12 mpaka 24 ka mamilimita 4 kamatha kufika cha pa 15. Kamakankha khomo mwapang'onopang'ono, ndiponso pomwa madziwo kamalifewetsa. Mulibe mankhwala alionse. Pano kuchedwa kuja ndiye kwabwino, chifukwa khomo la chiberekero silifuna kutsegulidwa mwankhanza. Madokotala akhala akuchita zofananazo kuyambira kale ndi timitengo touma ta ndere yotchedwa laminaria, kungoti wopangidwa m'fakitaleyu amafufuma modziwikiratu.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi Jelmyto, wololedwa ku America mu 2020 pa khansa yosakula msanga ya m'kati mwa impso ndi m'njira yotsitsa mkodzo kupita ku chikhodzodzo. Vuto la malo amenewa n'lakuti mankhwala amadzi ukawathira, mkodzo umawakokolola asanagwire ntchito. Ndiye anasakaniza mankhwala a khansa otchedwa mitomycin ndi poloxamer, polima wochita zosemphana ndi zimene tinazolowera: akazizira ndi madzi, akafunda amalimba. Amamuziziritsa kaye mu ayezi, kumulowetsa pa kapaipi, ndipo akafika m'thupi amagwirana n'kudzaza timakona tonse ta malowo, kenako amasungunuka pa maola 4 mpaka 6. Amatero kamodzi pa sabata kwa masabata 6. Pa kafukufuku wa odwala 71, oposa theka chotupa chinatheratu, ndipo ena mwa iwo akanachotsedwa impso pakanapanda mankhwalawa. Koma ambirinso njira ya mkodzo inawaphinjika, moti si mankhwala opanda zovuta zake.

PNIPAM uja, ngakhale ndi wotchuka m'malabu, ntchito yake yaikulu waigwira kunja kwa thupi. Teruo Okano wa ku Tokyo Women's Medical University anayamba cha m'ma 1990 kupaka polima ameneyu mopyapyala kwambiri pansi pa timbale tolereramo maselo. Pa madigiri 37 maselo amamatirira n'kuchulukana mpaka kupanga kansalu. Akatsitsa kufika pa 20, polima amamwa madzi, kansalu konse kamamatuka kathunthu, popanda mankhwala ong'amba maselo. Mu 2004 Kohji Nishida ndi anzake ku Osaka analengeza za odwala anayi amene khungu la kutsogolo kwa maso awo linawonongeka. Anatenga maselo a m'kamwa mwa wodwala mwiniyo, kuwalera motero, n'kuyala kansaluko padiso, ndipo maso anayera. Chifukwa chimene sakonda kuika PNIPAM m'thupi n'chakuti thupi silitha kumugaya, ndipo zotsalira za mankhwala omupangira ndi poizoni.

Si zonse zinayenda bwino. Kansalu kofananako ka maselo a minofu komata pamtima, HeartSheet, kanaloledwa mongoyembekezera ku Japan mu 2015, koma mu 2024 boma linakana kukavomereza kotheratu poona kuti phindu lake silinatsimikizike, ndipo anasiya kukagulitsa. Nkhani yowawa kwambiri ndi ya MIRAgel, kalamba ka jelo kamene madokotala a maso ankamanga kunja kwa diso m'zaka za m'ma 1980 pochiza retina, kansalu koonera ka kumbuyo kwa diso, ikamatuka. Poyamba aliyense ankakayamikira chifukwa chofewa. Patapita zaka zambiri, ena zoposa 10, kanayamba kufufuma mopyola, kukankha diso, ndipo pofuna kukachotsa kankanyenyeka. Kanachotsedwa pamsika mu 1995. Kafukufuku wa miyezi yochepa pa nyama sakanaonetsa zimenezi, ndiye mukamva kuti a boma akuchedwetsa chilolezo cha chinthu chokhalitsa m'thupi, kumbukirani kuti anapsapo kale.

Tsopano za insulini. Njira zimene anthu ayesa zilipo zitatu. Yoyamba, ya Michael Brownlee ndi Anthony Cerami mu 1979, inagwiritsa ntchito concanavalin A, puloteni wa mu nyemba ina amene amagwira shuga. Insulini womatidwa kashuga amakakamira pa puloteniyu, ndiye shuga wa m'magazi akachuluka amamulanda malo, insulini n'kumasuka. Tsoka lake puloteniyo akadontha m'thupi amaputa chitetezo. Yachiwiri ndi kuika mu jelo womva asidi enzyme yotchedwa glucose oxidase, yomwe ilinso m'timapepala tina toyezera shuga. Imasandutsa shuga kukhala asidi, jelo amatseguka, insulini amatuluka. Koma imafuna okisijeni amene pansi pa khungu ndi wochepa, imatulutsa hydrogen peroxide wowononga minofu, imafooka pakapita masiku, ndipo thupi limalimbana ndi asidiyo chifukwa limasunga pH ya magazi pakati pa 7.35 ndi 7.45. Yachitatu ndi phenylboronic acid, imene Kazunori Kataoka ku Japan anaitukula m'zaka za m'ma 1990. Iyi si puloteni, ndiye siwonongeka msanga, koma mwachibadwa imagwira fructose mwamphamvu kuposa glucose, ndipo imagwira bwino ntchito pa pH yokwera kuposa ya magazi, moti amachita kuisintha kaye.

Kupita patsogolo kulipo. Gulu la katswiri Zhen Gu ku America linapanga kachigamba kokhala ndi tisingano tating'ono tambiri, kuyesa pa mbewa mu 2015, kenako mu 2020 linalengeza kuti kachigamba kokula ngati ndalama yachitsulo kanasunga bwino shuga wa nkhumba zodwala kwa maola opitirira 20. Tisingano tating'onoto ndi njira yozembera lamulo la Tanaka lija. Komabe taganizirani zimene jelo ameneyu akupemphedwa kuchita. Abambo akadya nsima shuga amakwera pasanathe ola, ndiye jelo atseguke m'mphindi zochepa. Shuga akamatsika atseke msanga ndiponso atsekeretu. Achite zimenezi katatu kapena kanayi pa tsiku, mlingo osasintha, ngakhale nkhokwe ya insulini m'kati ikuchepa. Ndipo nkhokweyo ili ndi insulini wokwanira kupha munthu itati yatuluka yonse nthawi imodzi. Gaviscon akagwirana mochedwa, munthu amangomva chilungulira kwa mphindi zina. Jelo wa insulini akachedwa kutseka usiku, shuga amatsika kupyola malire a 3.9 mmol/L mpaka munthu kukomoka ali m'tulo. Chinanso, chilichonse choikidwa pansi pa khungu thupi limachikuta ndi chipsera pakapita masabata, ndipo chipseracho chimachedwetsa shuga kulowa ndi insulini kutuluka, motero mlingo umene munayeza tsiku loyamba si umene mudzaupeze mwezi ukatha.

N'zochititsa chidwi kuti ntchitoyi yayamba kutheka kudzera kwina. Kachipangizo koyeza shuga pakhungu kolumikizidwa ndi pampu ya insulini, monga MiniMed 670G yololedwa ku America mu 2016, kamachita zambiri mwa zimene jelo ankalonjeza, ndipo ubwino wake ndi wakuti kakasokonekera kamalira, munthu n'kukazimitsa. Jelo sazimitsika. Mtengo wa zipangizozo ndi umene uli kutali ndi mabanja athu ambiri.

Pali mbali ina imene ofufuza a kumayiko ozizira saiganizira kawirikawiri. Akamanena kutentha kwa m'chipinda amatanthauza madigiri 20 mpaka 25. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mwezi wa October kumatha kupitirira 40. Jelo wokonzedwa kuti alimbe akafunda angathe kulimbira mu sirinji asanafike kwa wodwala, pokhapokha pakhale furiji ndi magetsi odalirika. M'thupi namonso, jelo wokonzedwa kuti atulutse mankhwala pa madigiri 39 kapena 40, mwachitsanzo pofunditsa chotupa, sadziwa kusiyanitsa kufunditsa kwa dokotala ndi kutentha thupi kwa malungo. Kuno kwathu limeneli si funso laling'ono.

Mukamawerenga nkhani za zotulukira zatsopanozi, yang'anani kunenepa kwa chinthucho ndi nthawi yeniyeni imene chinatenga, ngati anachiyesa m'madzi oyera kapena m'madzi amchere ofanana ndi a m'thupi, ndiponso nyama imene anayeserapo. Koposa zonse funsani kuti chimatuluka bwanji ntchito ikatha. Gulu la Xuanhe Zhao ku MIT linayankha bwino funso lomalizali mu 2019. Linapanga kapilisi kofufuma pafupifupi ka 100 m'mphindi zochepa kakafika m'chifu, kuti kasathe kudutsa kupita m'matumbo, ndipo kanakhala m'chifu cha nkhumba pafupifupi mwezi kakuyeza kutentha. Pofuna kukatulutsa amangomwetsa madzi okhala ndi calcium wambiri, kamakwinyika n'kutuluka ndi chimbudzi. Ndi zomwe zija munachita ndi mchere m'tambula, kungoti calcium amafinya mwamphamvu kuposa mchere wa pakhitchini.

Mukandifunsa chimene mungadzakumane nacho msanga pa ntchito yanu, ndinganene kuti ndi zinthu zouma, zosafuna furiji, zofufuma kamodzi, monga nsalu za alginate zomanga pa zilonda zotuluka madzi ambiri ndi timitengo ta khomo la chiberekero tija. Ngakhale pamenepo mpikisano ulipo. Kafukufuku wa mu 2019 ku Texas, wa amayi oposa 400, anapeza kuti Dilapan-S sachepera kabaluni ka kapaipi ka mkodzo kotchedwa Foley pokonzekeretsa khomo la chiberekero, koma sanaonetse kuti amakaposa kwambiri. Foley ali kale m'kabati ya ku matenite, azamba amadziwa kumuika, ndipo bungwe la WHO limamuvomereza pa ntchitoyi. Mayi mmodzi amafuna timitengo tingapo togula kunja, pamene Foley ndi mmodzi basi, ndiye amene amagula katundu wa chipatala sadzasintha msanga pokhapokha mtengo wa timitengoto utatsika kwambiri.